Hotela yaing'ono yapamwamba mumzinda waukulu: pa ziwirizi nditenge iti?

NaPhiri: Moni nonse pagulu pano, ndikupempha nzeru. Ine ndi abambo akunyumba tikupita kumzinda wina waukulu ku Ulaya kukakumbukira tsiku la ukwati wathu, ndipo tagwirizana kuti ulendo uno tisakagone m'zihotela zikuluzikulu zija za zipinda mazanamazana. Tikufuna kahotela kakang'ono koma kapamwamba, komwe ogwira ntchito amakudziwa nkhope. Ndasefa mpaka zatsala ziwiri. Yoyamba ili m'nyumba yakalekale pakatikati pa mzinda, zipinda 14 zokha, eni ake ndi banja, ndipo zithunzi zake zandigwira mtima. Yachiwiri ili ndi zipinda 60, ili pansi pa kampani ina yaikulu ya mahotela ngakhale ili ndi dzina lakelake, ndipo yatalikirako pang'ono ndi malo omwe alendo amakonda kukaona. Mitengo sikusiyana kwenikweni. Mayina ake sinditchula potsatira lamulo la gulu lathu lino. Chinanso n'chakuti bondo la abambo siligwirizana ndi masitepe ambiri. Amene munagonapo m'malo otere, mumayang'ana chiyani musanalipire?

Bambo Mwale: Zikomo mayi. Ine ndinagwirapo ntchito polandirira alendo m'hotela yamtundu womwewu, kawirikawiri usiku, ndiye ndiyankha monga munthu amene ankakhala kuseri kwa kauntala. Chomwe mukugula kwenikweni ndi chipinda chimodzi, ndipo m'hotela yaing'ono zipinda zimasiyana kutalitali. Kuhotela yaikulu, zipinda za mtengo umodzi zimafanana, kaya akupatsani 412 kaya 512. Koma nyumba yakale ya zipinda 14 sinamangidwe kuti ikhale hotela. Inali nyumba ya banja lina lopeza bwino. Chipinda china chinali chochezeramo eni nyumba, denga lalitali, mawindo aakulu oyang'ana kumsewu. China chinali chogona antchito, kudenga kwenikweni, moti munthu wamtali amachita kuwerama. Lero zonsezi zikugulitsidwa pa dzina limodzi, ndipo chithunzi chakugwirani mtimacho n'chachipinda chokongola koposa zonse. Alembereni imelo. Muwafunse kuti pa mtengo mwaonawo angakugonekeni zipinda ziti, manambala ake, zili pansanjika iti, mawindo ayang'ana kuti, ndipo kukula kwake ndi masikweya mita angati. Akutumizireni zithunzi za chipinda chenichenicho. Mmene adzakuyankhiremo ndi mmenenso adzakusamalireni mukafika.

Chikondi: Ine amayi ndikanatenga yachiwiriyo osaganiza kawiri. Ndimayendayenda ndi ntchito, ndipo chomwe ndimafuna n'chakuti chinthu chikawonongeka pakhale pothawira. Madzi otentha akasiya kutuluka m'chipinda chanu m'hotela ya zipinda 60, amakusamutsirani china usiku womwewo. Ya zipinda 14 ikadzaza yadzaza, akupepesani mwaulemu koma musamba ozizira. Komanso ya kampani yaikuluyo muli ndi kokadandaula kupitirira manijala, ndipo mumapeza mapoyinti a ulendo wina.

Mayi Gondwe: Mwana wanga Chikondi, iwe ukulankhula za ulendo wa ntchito. Awa akukakumbukira ukwati wawo. Ine ndi malemu bambo ako aakulu tinagonapo m'kanyumba kotere, mwini wake ndi amene ankatithirira khofi m'mawa. Atangomva kuti bambo sadya mazira, tsiku lotsatira sanafunsenso, anangowabweretsera zina. Anatilembera papepala ndi dzanja lake malo oti tikadye, natiuza msewu woti tisadutse kukada. Zimenezija mapoyinti sagula. A NaPhiri, mtima wanu wanena kale, koma nkhani ya bondoyo musaipeputse.

Tiyamike: Pa bondopo ndiye ndikufuna ndiimepo. Nyumba zambiri zakale m'mizinda ya ku Ulaya n'zotetezedwa ndi lamulo, mwini wake sangangogumula khoma kuti aike lifiti kapena kusintha mawindo. Ku England, nyumba ikalembedwa m'kaundula wa nyumba zakale, pamafunika chilolezo chapadera kuti musinthe maonekedwe ake, ngakhale mkati. Ku Amsterdam nyumba za m'mbali mwa ngalande zija n'zopyapyala, masitepe ake ndi otsetsereka moti kutsika ndi sutikesi ndi ntchito yaikulu ngakhale kwa munthu wa mawondo abwino. Ndiye musangofunsa kuti "muli ndi lifiti?" Afunseni ngati lifitiyo imafika pansanjika ya chipinda chanu, komanso kuti kuchoka pamsewu kufika pabedi pali masitepe angati onse pamodzi. Hotela zina lifiti ilipo ndithu, koma kuti muifike mumayamba mwakwera masitepe apakhomo, ndipo ikakutsitsani pamakhalanso ena apakhonde chifukwa analumikiza nyumba ziwiri zosiyana msinkhu. Kumbukiraninso kuti ku Ulaya akati nsanjika yoyamba akunena ya pamwamba pa yapansi, pomwe ku America yoyamba ndi yapansi yomweyo. Mufunsenso za bafa. Mabafa akale oima pa timiyendo aja amakongola pachithunzi, koma kulowamo ndi bondo lopweteka n'kovuta. Pakhale shawa yolowa choyenda.

NaPhiri: Zikomo achemwali, za bafazo sindinaziganize. Pazithunzi za yoyambayo ndikuona bafa la timiyendo lomwelo. Ndalemba mafunso onsewa.

Lusungu: Pepani ndilowerere. Kodi ya zipinda 60, ya kampani yaikulu, tingaiwerengere m'gulu la mahotela aang'ono apamwambawa? Kapena angoipaka utoto?

Madalitso: Funso labwino, ndipo yankho lake lili m'mbiri ya mahotelawa. Anayamba ngati kukana mahotela a makampani aakulu omwe chipinda chake chimafanana kulikonse padziko. Anouska Hempel anatsegula Blakes ku London mu 1978, chipinda chilichonse chokongoletsedwa mwachokha. Bill Kimpton anayamba yake ku San Francisco mu 1981. Kenako Ian Schrager ndi Steve Rubell anatsegula Morgans ku New York mu 1984, mkati mwake mutakonzedwa ndi Andrée Putman wa ku France. Makampani aakulu ataona kuti anthu akulipira ndalama zambiri kumeneko, analowa nawo. Starwood inayambitsa mahotela otchedwa W mu 1998. Marriott inayambitsa Autograph Collection mu 2010, Hilton inabwera ndi Curio mu 2014, ndipo kampani ya IHG inagula mahotela a Kimpton omwe aja mu 2015 pa madola 430 miliyoni. M'magulu ngati Autograph ndi Curio, hotela imasunga dzina lake ndi maonekedwe ake, nthawi zambiri mwini wake ndi wina, koma imagwiritsa ntchito njira yobukitsira ndi mapoyinti a kampani yaikuluyo, n'kumatsatira miyezo yake ina. Ndiye ya zipinda 60 ikhoza kukhala ndi mzimu wakewake ndithu, kapena ayi. Palibe bungwe lomwe limaletsa hotela iliyonse kudzitcha yaing'ono yapamwamba. Ndaonapo ya zipinda zoposa 200 ikudzitcha choncho.

Mayi Gondwe: Zipinda 200 ndiye angakudziwe dzina ndani?

Madalitso: N'zoona amayi. Koma 60 kapena 80 zimatheka ngati antchito ndi okwanira. Crosby Street Hotel ku New York ili ndi zipinda 86, Hoshinoya Tokyo ili ndi 84, ndipo onse amaziwerengera m'gulu lapamwamba. Mbali inayi kuli Ett Hem ku Stockholm yomwe inatsegulidwa mu 2012 ndi zipinda 12 zokha, kapena The Silo ku Cape Town ya zipinda 28. Chiwerengero cha zipinda pachokha sichinena zambiri. Chofunika ndi kuchuluka kwa antchito poyerekeza ndi zipindazo.

Bambo Mwale: Achimwene Madalitso mwagunda pomwe ndimafuna kupita. Hotela yaing'ono imaoneka bwino masana, pomwe mwini wake ndi manijala alipo. Ukulu wake umaoneka 2 koloko usiku. Kumene ndinkagwira ine, usiku ndinkakhala ndekha: wolandira alendo ndine, wonyamula katundu ndine, wofulula tiyi ndine, woitana takisi ndine. Mlendo mmodzi akadwala ndipo ndakwera naye kuchipinda, pakhomo pankakhala popanda munthu. Ndipo ife tinaliko bwino, chifukwa zina zazing'ono usiku sizikhala ndi munthu n'komwe. Amakupatsani nambala yotsegulira chitseko chakunja ndi nambala ya foni yoti muimbe pakagwa vuto. Kwa achinyamata zilibe kanthu. Kwa inu amene mukuyenda ndi bambo a bondo lovuta, ndipo mukulipira mtengo wa hotela yapamwamba, ine sindingavomere. Funsani mosapsatira: kodi polandirira alendo pamakhala munthu usana ndi usiku? Ali m'nyumba momwemo kapena amachita kuitanidwa? Kodi pali wonyamula masutikesi kukafika nawo kuchipinda nthawi iliyonse? Ndege ikachedwa n'kufika pakati pausiku, atilandira ndani?

Pomwepo muonjezere za chakudya. Zambiri zazing'ono zilibe khitchini yogwira ntchito tsiku lonse. Kadzutsa amakhala wabwino kwambiri, mwina woposa wa hotela yaikulu chifukwa amakuphikirani inuyo panokha, koma madzulo mukabwera mutatopa, mapazi atatupa, palibe chodya kupatula tokazinga ta pabala. Ngati pafupi pali malesitilanti abwino si vuto, bola mudziwiretu.

Chikondi: Mwaona amayi Gondwe? Si kuti ndikudana ndi zazing'onozo, koma zimenezi ndi zomwe ndimaopa.

Mayi Gondwe: Ndamva mwanawe. Koma a Mwale sananene kuti asapiteko, anena kuti afunse. Safunsa anadya phula.

Lusungu: Nanga nyenyezi zija? Ine ndimangoona kuti ili ndi zisanu basi ndakhutira.

Tiyamike: Nyenyezi zimathandiza, koma zimayeza zinthu zowerengeka: kukula kwa chipinda, lifiti, maola omwe polandirira alendo pamakhala potsegula, zilankhulo zomwe antchito amalankhula. Siziyeza ngati bedi ndi labwino kapena ngati munthu akumwetulirani. Komanso dziko lililonse lili ndi muyezo wake. Ku France zimaperekedwa kudzera ku bungwe la Atout France ndipo zimaunikidwanso zaka zisanu zilizonse. Kumeneko chipinda cha anthu awiri cha nyenyezi zinayi chimayambira pa masikweya mita 16 kuphatikiza bafa, cha nyenyezi zisanu pa 24. Taganizirani, 16 ndi bafa lomwe. Mukaika bedi lalikulu ndi masutikesi awiri, poyenda patha. Germany, Austria, Switzerland, Netherlands ndi maiko ena amagwiritsa ntchito muyezo umodzi wa Hotelstars Union womwe unayamba mu 2009. Ku America boma silipereka nyenyezi, amapereka ndi mabungwe ngati Forbes Travel Guide, ndipo bungwe la oyendetsa galimoto la AAA limapereka madayamondi m'malo mwa nyenyezi. Ndiye nyumba yakale ikhoza kukhala ndi nyenyezi zinayi chabe chifukwa chosowa malo oika zina zofunika pa muyezo, koma chisamaliro chake n'kuposa ya zisanu.

Madalitso: Chomwe ine ndimayang'ana kuposa nyenyezi ndi mabungwe omwe hotela yodziimira payokha imalowa. Relais & Châteaux inayamba ku France mu 1954 ndipo imalimbikira kwambiri za chakudya. Small Luxury Hotels of the World ili ndi mahotela oposa 500 ndipo imatumiza oyendera omwe amagona ngati alendo wamba osadziulula. Design Hotels inayamba mu 1993, iyo imayang'ana kwambiri kamangidwe ndi maonekedwe. Kuyambira 2024 Michelin nayo ikupereka makiyi kwa mahotela, imodzi mpaka atatu, monga imachitira ndi nyenyezi kumalesitilanti. Koma tinene chilungamo, m'mabungwe enawo hotela imalipira kuti ikhale membala. Ndiye kupezekamo ndi umboni woti wina anaiyendera, koma kusapezekamo si umboni woti ndi yoipa. Banja la zipinda 14 likhoza kungoona kuti ndalamazo ndi bwino kulipira wantchito wina. Ndipo a Chikondi, pa mapoyinti anu aja: kuyambira 2024 mahotela ambiri a Small Luxury Hotels amabukitsidwa kudzera ku Hilton, ndiye mpanda wapakati pa zazing'ono ndi zamakampani ukunka nugwa.

Chikondi: Zimenezo ndiye zandisangalatsa, ndikaziona.

NaPhiri: Yoyambayo ili m'limodzi mwa mabungwe mwatchulawa. Ndemanga za alendo zonse ziwiri zili pamwamba pa 9 mwa 10 pa tsamba lobukitsira la Booking.com. Ndiye pamenepo sindikuona posiyanitsira.

Achisale: Ndakhala ndikungowerenga, koma pa ndemangapo ndiloleni. Nambala ija isiyeni, werengani mawu. Hotela ya zipinda 14 imalandira ndemanga zochepa, ndiye anthu angapo okondwa kapena okwiya amaikweza kapena kuigwetsa msanga. Ine ndimasanja ndemanga kuyambira zatsopano, chifukwa hotela yaing'ono imasintha ndi munthu mmodzi. Manijala wabwino akachoka, kapena banja likagulitsa, miyezi yochepa yokha zonse zasintha koma nambala ikadali yakale. Kenako ndimawerenga za anthu omwe anapereka zapakatikati, osati okwiya kwambiri kapena okondwa kwambiri, poti iwowo ndi amene amanena zabwino ndi zoipa zomwe. Pali kabokosi kofufuzira mawu m'ndemangamo. Lembanimo phokoso, masitepe, lifiti, fungo, kutentha, m'chilankhulo chomwe ndemangazo zalembedwa. Dandaulo likabwera kamodzi ndi tsoka la munthuyo. Likabwera kwa anthu osiyana miyezi yosiyana, ndi khalidwe la nyumbayo. Muonenso mmene hotela imayankhira odandaula. Yomwe imakangana ndi mlendo pagulu, kapena imangomata yankho limodzimodzi kwa aliyense, ine ndimaisiya. Pa Booking.com amalemba ndi okhawo omwe anabukitsa kudzera pomwepo, pomwe pa Tripadvisor aliyense akhoza kulemba, koma ubwino wa Tripadvisor ndi zithunzi zojambula alendo eni ake. Zithunzi za hotela amajambula ndi kamera yokuza chipinda, magetsi onse atayatsa. Za alendo zimaonetsa sutikesi ili pansi chifukwa palibe poiika.

Bambo Mwale: Phokoso ndiye dandaulo lomwe ndinkalandira kwambiri usiku, ndipo ndi lomwe sindikanatha kukonza. Pakatikati pa mzinda waukulu sipagona. Mabala amatseka mochedwa, anthu amaima pansi pa windo lanu kusuta ndi kucheza, m'bandakucha galimoto ya zinyalala ikubwera kudzakhuthula mabotolo, kenako za katundu wa m'masitolo. Chipinda chokongola cha kumsewu chija ndi chomwe chimamva zonsezi, makamaka ngati mawindo ndi akale a galasi limodzi omwe lamulo silikulola kusintha. Cha kumbuyo choyang'ana pabwalo lamkati chimakhala chachete koma chamdima, ndipo nthawi zina ndi komwe kuli makina a kukhitchini. Sankhani chomwe mungapirire. Phokoso lina limachokera m'nyumba momwemo. Hotela zambiri zamtunduwu zimapeza ndalama zochuluka kubala kapena lesitilanti yapadenga yomwe imakoka anthu a mumzindamo. Lachisanu ndi Loweruka pamakhala nyimbo, ndipo chipinda cha pansi pake kapena pamwamba pake chimanjenjemera. Pansi pa matabwa napo pamalira munthu wa pamwamba panu akamayenda. Funsani ngati pa masiku anuwo pali ukwati kapena phwando lomwe labukitsidwa. Kuhotela ya zipinda 14, phwando limodzi limatenga nyumba yonse, inu n'kukhala ngati mwalowerera mwambo wa eni ake.

Lusungu: Ine changa ndi mabafa agalasi aja. Ndinapita ndi mchemwali wanga kuhotela ina yokongola kwabasi, bafa ndi chimbudzi zili m'chipinda momwemo, khoma lake galasi, chitseko palibe. Tinkachita kutulutsana.

Mayi Gondwe: Zoona zimenezo? Ngakhale pabanja, ulemu umafunika. A NaPhiri onjezerani pa mafunso anu.

Tiyamike: Onjezeraninso makina oziziritsa m'chipinda ngati mukupita nyengo yotentha. Nyumba zakale zambiri ku Ulaya zilibe, ndipo zina zomwe zili nawo amayendetsera pamodzi nyumba yonse: nyengo yozizira amatenthetsa, yotentha amaziziritsa, ndipo tsiku losinthira amasankha ndi iwo. Kukatentha mwadzidzidzi mu Epulo kapena Okutobala, mumapezeka kuti kabatani ka m'chipinda sikakuchita kanthu. Mukatsegula windo, phokoso lija la a Mwale lalowa.

Tsopano za ndalama, poti mwati mitengo ndi yofanana. Onetsetsani kuti mukuyerekeza mtengo womaliza. Mizinda yambiri ili ndi msonkho wa alendo womwe nthawi zina suoneka pa mtengo woyamba. Amsterdam imatenga 12.5 peresenti ya mtengo wa chipinda kuyambira 2024. Paris ndi Rome amalipiritsa munthu aliyense usiku uliwonse, ndipo ndalamayo imakwera malinga ndi nyenyezi za hotela. Ku New York misonkho imakwana 14.75 peresenti kuphatikizapo madola 3.50 usiku uliwonse, ndipo mahotela ambiri kumeneko amaonjezera ndalama ina yokakamiza ya tsiku lililonse yomwe amati ndi ya intaneti, jimu ndi zina, kaya mwagwiritsa ntchito kaya ayi. Kuyambira Meyi 2025 lamulo la ku America likuti ndalama zokakamiza zoterezi zizionekera pa mtengo woyamba, koma misonkho ya boma ikhoza kubwerabe pamapeto. Kenako kadzutsa: ngati ina yaphatikiza ndipo ina ayi, kwa anthu awiri masiku angapo kusiyana kwake n'kwakukulu. Pomaliza, lamulo lobweza ndalama. Zazing'ono zimakhwimitsa, chifukwa chipinda chimodzi chikagona chopanda munthu pa 14, ataya gawo lalikulu la ndalama za usikuwo. Zina zimafuna muwadziwitse sabata kapena kuposa, zina zimatengeratu dipoziti yosabweza. Ndi bondo losadziwika mmene lidzadzukire, ine ndikanalipira mtengo wokwererapo womwe umalola kusintha.

Chikondi: Masiku omwe mwasankha muwaonenso. Mzinda ukakhala ndi chochitika chachikulu, zazing'ono zimadzaza msanga ndipo mitengo imauluka. New York mu Seputembala pa msonkhano waukulu wa United Nations, Milan mu Epulo pa chionetsero cha mipando cha Salone del Mobile, Paris pa masabata a zionetsero za zovala. Kusuntha ulendo ndi sabata imodzi kumatha kukupezetsani chipinda chachikulu pa mtengo womwewo. Ndipo m'madera a maofesi mitengo imatsika kumapeto kwa sabata, pomwe m'madera a alendo imakwera.

NaPhiri: Ndibukitse kudzera pa Booking.com kapena kuhotela mwachindunji?

Bambo Mwale: Fufuzirani pa Booking.com, koma bukitsani kuhotela. Masamba aja amadula komishoni, kawirikawiri 15 peresenti kapena kuposa, ndiye hotela yaing'ono imakondwa ndi mlendo wobwera yekha. Ku France kuyambira 2015 lamulo limalola hotela kugulitsa motsika pa tsamba lake kuposa pa masamba enawo. Ngakhale mtengo utafanana, amakuonjezerani kadzutsa, kapena kukulolani kutuluka mochedwa. Ndipo ndikuuzeni za kuseri: m'mawa tikamagawa zipinda za ofika tsikulo, tinkayamba ndi omwe analemberana nafe, omwe tikudziwa chifukwa chomwe abwerera. Obwera kudzera pa masamba aja pa mtengo wotsikitsitsa ankatenga zotsala. Si nkhanza, koma munthu umakumbukira yemwe wakulankhula. Muwauze kuti ndi tsiku lokumbukira ukwati wanu, muwauze za bondo. Musapemphe zaulere, ingonenani zoona zake.

Achisale: Chimodzi chomwe sitinakhudze ndi malo. Mwati yachiwiri yatalikirako. Mumzinda waukulu kutalika sikuyezedwa ndi makilomita, koma ndi mayendedwe. Hotela yomwe ili mphindi zitatu kuchoka pa siteshoni ya sitima yapansi panthaka ya njira yabwino ili pafupi ndi chilichonse kuposa yapakati yomwe muyenera kuyenda wapansi mtunda. Koma kwa bambowo muone ngati siteshoniyo ili ndi lifiti, chifukwa masiteshoni ambiri akale ku Paris ndi ku London ndi masitepe okhaokha. Tsegulani Google Street View, yomwe imaonetsa zithunzi za misewu pa intaneti, muyende mumsewu wa hotela iliyonse. Muone ngati ndi wa miyala yoyala, ngati ndi wokwera, ngati takisi ingafike pakhomo. Pakatikati pa mizinda yakale misewu ina galimoto siziloledwa, amakutsitsani pakona inu n'kumakoka sutikesi pamiyala. Ubwino wa yapakati ndi woti masana bambo akatopa mubwerera kukapuma ola limodzi n'kutulukanso. Kwa munthu wa bondo, chimenecho n'chachikulu kuposa mmene chikumvekera.

Mayi Gondwe: Pamenepo mwanena zoona achimwene. Ukakula, kupuma kwa masana ndi komwe kumakupatsa mphamvu za madzulo.

NaPhiri: Ndabweranso abale anga. Ndinalembera zonse ziwiri imelo imodzimodzi, mafunso onse munandipatsa aja. Ya zipinda 60 yayankha mwaulemu koma mwachidule. Yati lifiti imafika nsanjika zonse, polandirira alendo pamakhala anthu usana ndi usiku, zipinda za mtengo wanga ndi masikweya mita 22, koma nambala ya chipinda sangalonjeze, pempho langa alilemba ndipo adzayesetsa. Za phokoso ndi za bafa sanayankhe. Ya zipinda 14 wayankha ndi mwana wa eni ake. Wanena mosabisa kuti chipinda cha pachithunzi chija asandipatse, chifukwa chili pamwamba pomwe lifiti sifika, pali masitepe 17, ndipo bafa lake ndi la timiyendo lija. M'malo mwake wanditchulira china cha pansanjika yoyamba choyang'ana kubwalo lamkati, masikweya mita 26, shawa yolowa choyenda, chitseko cha bafa chenicheni, ndipo watumiza zithunzi zojambula pafoni. Pakhomo pali masitepe atatu okhala ndi pogwira. Usiku pamakhala munthu mmodzi m'nyumbamo. Wachenjezanso kuti chipindacho sichilowa dzuwa kwambiri m'mawa, ndipo madzulo khitchini yawo siphika, koma wati adzatisungira tebulo pa lesitilanti ya mumsewu womwewo.

Bambo Mwale: Mayi, munthu amene wakuletsani chipinda chomwe munachikonda, n'kukuuzani yekha kuipa kwa chomwe akukupatsani, ameneyo akudziwa ntchito yake. Ine ndikanapita kumeneko.

Chikondi: Ndavomera, yankho limenelo ndi labwino. Nkhawa yanga yatsala pa lifitiyo. M'nyumba yotere imakhala imodzi, kakang'ono. Muwafunse kuti ikawonongeka ali ndi chipinda chapansi chomwe angakusamutsireni, nanga kuchoka pansi kufika pansanjika yoyambayo ndi masitepe angati.

NaPhiri: Ndafunsa. Ati masitepe ndi 19, ndipo chipinda chapansi ali nacho chimodzi koma chatengedwa kale masiku awiri oyamba. Ndakambirana ndi abambo, ati 19 kamodzi kapena kawiri patsiku angakwanitse zitavuta. Tikutenga yoyambayo, pa mtengo wolola kusintha.

Tiyamike: Zikomo potidziwitsa achemwali. Musanalipire, apempheni kuti nambala ya chipindacho ilembedwe pa kalata yotsimikizira, osati mu imelo yocheza yokha, chifukwa wogawa zipinda tsikulo akhoza kukhala wina. Pakalata pomwepo paoneke mtengo wonse ndi msonkho, kadzutsa, ndi tsiku lomaliza losinthira popanda kulipa.

NaPhiri: Ndichita zimenezo. Funso lomaliza: ndege yathu ikufika m'mawa kwambiri, koma akuti chipinda chimapezeka 3 koloko masana. Titani?

Bambo Mwale: Pa zipinda 14, ndipo inu mwasankha chimodzi chenicheni, musadalire kulowa msanga, chifukwa ngati muli mlendo wina atuluka 11 kapena 12 koloko, kenako akonze. Njira yotsimikizika ndi kulipira usiku wa dzulo lake, n'kuwalembera momveka kuti mufika m'mawa, kuti asaganize kuti simunabwere n'kugulitsa chipindacho. Ngati zimenezo zakwera, afunseni ngati angakusungireni katundu ndi kukupatsani kadzutsa ndi pokhala bambo atawongola mwendo. Pofika tengani khadi la ngongole ngati muli nalo, chifukwa amatsekereza ndalama ina ya chikole, ndipo pa khadi la akaunti yanu ndalamayo imatha masiku angapo, nthawi zina masabata, isanamasulidwe.

NaPhiri: Tilipira usiku wa dzulo lakewo, bambo akafike n'kugona. Ndawalembera kale kuti aike pakalata.